Kapu ya Alamu Imene Sinalawepo Sopo

Alamu anga, amuna a achemwali, ndi munthu wosula makiyi ndi kukonza maloko. Ali ndi kanyumba ka malata pakona ya msewu, pakati pa wometa ndi mayi wogulitsa mafoni akale, kakang'ono moti akafuna kuyetsemula amayamba atuluka panja. Anthu onse amangowatchula kuti a Makiyi. Dzina lawo lenileni ndikukhulupirira kuti analitsekera penapake n'kutaya kiyi wake.

Ntchito amaidziwa, pamenepo sindingawanamizire. Loko amene wakanika aliyense, akangowaona akubwera ndi kachikwama kawo, amatseguka yekha chifukwa cha manyazi. Koma mutawafunsa chimene amanyadira pansi pano, sangatchule ntchito, sangatchule nyumba, ndipo ana amabwera pambuyo. Chonyadira chawo ndi kapu.

Kapuyo ndi yachitsulo, ya chogwirira chopindika. Anawapatsa ndi mkulu amene anawaphunzitsa ntchito, tsiku limene anawalola kukayamba paokha. Akuti mkuluyo anawasiyira malamulo awiri okha. Loyamba, osasulira kiyi munthu amene akuyang'anayang'ana kumbuyo. Lachiwiri, kapu ya tiyi sitsukidwa, chifukwa kukoma kwa tiyi wa lero kumachokera kwa tiyi wa dzulo. Alamu anasunga onse awiri. M'mawa amamwera kunyumba, kapu n'kulowa m'chikwama, masana amamwera kuntchito, madzulo imabwerera n'kukapachikidwa pamsomali kuseri kwa chitseko cha kukhitchini. Aliyense wobwera kudzasulitsa kiyi, afune asafune, ankaonetsedwa m'kati mwake n'kuuzidwa kuti kapu imeneyi ndi yaikulu kuposa ana awo onse ndipo sopo sinamulawepo.

M'katimo munali bii. Ine ndinkawauza kuti ntchentche ikateramo imatuluka ili ndi ndevu. Ndinkawauzanso kuti ndinaponyamo supuni chaka chija kunagwa mvula yambiri ndipo mpaka lero sindinamve ikugunda pansi. Iwo ankangomwetulira ngati munthu amene akutamandidwa.

Tsono taganizirani munthu woteroyo atakwatira achemwali anga. Achemwali ndi munthu amene amatsuka sopo asanamugwiritse ntchito. Mapoto awo anapyapyala ndi kukwecha moti ukhoza kuwerenga nyuzipepala poto ali pakati. Tili ana ankandisambitsa ndi mphamvu zoti khungu limene ndili naloli ndi lachitatu. Kapu ya alamu ankaitcha chimbudzi cha chogwirira, ndipo mkangano wake unkachitika m'mawa uliwonse ngati pemphero. Achemwali ankati tsiku lina adzaiponya m'ngalande, alamu ankati tsiku limenelo ukwati udzatsatira kapu, kenako wina ankafunsa mnzake ngati shuga wakwana.

M'nyumba yotereyi munabadwa mwana wawo wachisamba, mtsikana amene ine ndinamutcha Kamatope, chifukwa asanayambe kuyenda anali atadya kale theka la bwalo. Anakula, anaphunzira mpaka mabuku anatha, ndipo lero amagwira ntchito mu labotale ya kusukulu ya ukachenjede. Mungaganize kuti munthu wophunzira chotero anasiyana nazo zonyansa. Ayi ndithu. Amaziweta.

Anandifotokozera yekha, ndipo ndikufotokozerani monga ndinamvera. Tizilombo tosaoneka ndi maso tija, mabakiteriya, sitikonda kukhala patokhapatokha. Tikapeza malo onyowa timamanga mudzi n'kudzifunditsa kansalu koterera, konga kaja mumakamva pamano mukadzuka, kapena m'kati mwa ndowa imene yakhalitsa ndi madzi. Tikalowa m'kansaluko, mankhwala amangodutsa pamwamba ngati mvula padenga. N'chifukwa chake timavutitsa m'mapaipi a madzi ndi m'timachubu timene amaika odwala kuchipatala. Ntchito ya Kamatope ndi kujambula mapu a mudziwo: apa timasunga chakudya, apa timapanga poizoni, apa timatumizirana mauthenga. Inde, timalankhulana, koma ndi timankhwala, osati pakamwa. Ndinamufunsa ngati timachitanso miseche, ndipo anati zimenezo akufufuzabe.

Tsiku lina Lamlungu tonse tili pakhonde, ine ndinayamba zanga zija. Ndinati mwana akuvutikiranji kuweta timidzi ta sabata imodzi m'timbale ta galasi, pamene bambo ake ali ndi mzinda wathunthu pamsomali, wokhala ndi nyumba ya malamulo ndi manda a mafumu. Ndinkayembekezera kuti tiseka basi. Koma Kamatope anaika kapu yake ya tiyi pansi, maso ali gwa pa bambo ake.

"Ababa, n'zoona kuti sinatsukidwepo chiyambire?"

"Funsa amayi akowo. Ndiwo akhala akulira nayo."

Mtsikanayo anati mudzi wakale chotero, wosasokonezedwa, wodya chakudya chimodzimodzi tsiku ndi tsiku, anzake a kuntchito akhoza kuugwadira. Anapempha kuti akauyeze. Alamu anatupa pampando mpaka mabatani a malaya anayamba kupempha thandizo. Zaka zonsezi anthu akhala akuinyoza kapuyo, lero sukulu ya ukachenjede ikuitumizira uthenga.

Amene anatidabwitsa ndi achemwali. Munthu woti akanavina kumva kuti kapu ikuchoka pakhomo, anangoti nkhope tsinya.

"Iwe, isiye kapu ya bambo ako. Ilibe mlandu ndi munthu."

Alamu anawayang'ana ngati aona mbuzi itavala nsapato. Ine ndinaganiza kuti achemwali akuopa manyazi, kuti anthu ophunzira adziwa zoti m'nyumba mwawo muli chinthu chosatsuka. Anakana tsiku limenelo, anakananso mawa lake, mpaka anafika ponena kuti makina a masiku ano amanama. Koma alamu akagwira chinthu amagwira ngati loko wa dzimbiri.

Vuto linali limodzi. Makinawo salandira kapu yathunthu. Amafuna kachidutswa kosalala, kakang'ono ngati chikhadabo. Alamu atamva zimenezi anati ngati kapu iyenera kudulidwa, palibe dzanja lina limene liidule. Ndinalipo m'kanyumba kawo tsikulo, kapena ndinene kuti mutu wanga unalimo, thupi lili panja. Anaipana bwinobwino, anatenga kasowo kawo kodulira zitsulo, anapepesa kwa malemu mphunzitsi wawo, n'kudula kachidutswa kukamwa kwa kapu, mbali yotalikirana ndi chogwirira. Kamatope anawaletsa kukakhudza ndi chala. Anakanyamula ndi chopanira n'kukatsekera m'kabotolo. Alamu anasalaza bala la kapu ndi tupa, akupukuta m'maso, n'kumati ndi fumbi la chitsulo.

Ku labotale tinapita tonse awiri, alamu atavala jekete ya pa ukwati wawo imene tsopano imawafika m'zigongono. Anativeka makhoti oyera ndi magolovesi, n'kutiuza kuti tisagwire kanthu. M'chipindamo munkazizira ngati mumtima mwa mwini nyumba ya lendi. Pakona panali chimakina chachikulu ngati mafiriji awiri okumbatirana, chikung'ung'udza chokha. Alamu anayamba ayang'ana loko wa pachitseko n'kunena kuti ameneyu angamutsegule ndi supuni.

Kamatope anamata kachidutswa kaja pa kambale kachitsulo, anakaumitsa, n'kukapopera mankhwala ena ake mpaka kanayera ngati kagwa m'ufa. Anati mankhwalawo amathandiza kuti zinthu za pamwambapo zinyamuke bwino. Kenako anakalowetsa m'kadirowa ka chimakinacho, ndipo chinayamba kukoka mpweya wonse m'katimo. Zotsatira zake anafotokoza motere. Kuwala koonda kuposa nsonga ya singano kumalasa kadontho kamodzi, tinthu ta pamenepo timauluka ngati utsi, makina n'kutiyeza kulemera kwake kamodzikamodzi. Chinthu chilichonse chili ndi kulemera kwakekwake, ndiye ukadziwa kulemera wadziwa mwini wake. Kuwala kumasuntha pang'ono, kumalasanso, mpaka kachidutswa konse katha, ndipo kompyuta imapaka mtundu pamalo pamene chinthu chilichonse chapezeka.

Ndinamufunsa ngati sikelo yotereyi ingayeze kuusa moyo kwa udzudzu. Anati mwina. Ndinafunsanso ngati ingapeze nzeru m'mutu mwa bambo ake, ndipo alamu anayankha okha kuti iyambe ndi mutu wanga, poti kumeneko mpweya anakoka kale.

Tinakhala masana onse tikuyang'ana chithunzi chikumera pagalasi la kompyuta mzere ndi mzere. Kufiira kunayamba kuoneka, ndipo Kamatope anati ameneyo ndi tiyi. Alamu anagwedeza mutu monga munthu woona m'bale wake pa kanema. Kenako mtsikanayo anadina apa, anadina apo, nkhope n'kuyamba kusintha. Anaitana mnzake wa magalasi, ananong'onezana, ndipo anatiuza kuti tizipita kaye, pali chinthu chimene afuna kutsimikiza. M'njira alamu anati mwina apezamo mtundu wa tizilombo umene dziko silinauonepo, ndipo anayamba kuganiza ngati adzalole kuti autche dzina lawo.

Loweruka lake Kamatope anabwera kunyumba, analowa kukhitchini, n'kuthira kadontho ka sopo wotsukira mbale wa amayi ake m'kabotolo. Ine ndinamuona, achemwali anamuonanso. Achemwali anangopitiriza kukwecha poto amene anali atayera kale.

Atatiitananso, chithunzi chinali chitatha. Anatikhazika pansi ngati odwala. Anati poyamba ankaganiza kuti wadetsa yekha kachidutswako, ndiye anayeza magolovesi ake, anayeza kabotolo, anayeza kambale kopanda kanthu, zonse zinali bwino. Kenako anationetsa mitundu umodziumodzi. Wofiira, tiyi, unali ponseponse. Wachikasu, umene ndi timankhwala ta tizilombo tija, anachita kuukuza kuti tiuone: timadontho tingapo m'kamng'alu ka m'mphepete, kamudzi ka mabanja awiri ndi galu. Atadinanso, galasi lonse linasanduka buluu.

"Nanga chabuluuchi n'chiyani? Ndiwo mtundu watsopano uja?" anafunsa alamu.

"Ndi sopo, ababa."

"Sopo wa ndani?"

"Wa kunyumba. Wa m'botolo la pawindo lija. Ndayerekeza, akufanana ndendende."

Alamu anavula magalasi, anawapukuta ndi khoti la eni ake, anawavalanso. Buluu anali pompo. Anafunsa ngati mwina kadontho kanangogweramo mwangozi. Kamatope anati kangozi sikafika paliponse chotero, pansi pa tiyi ndi pamwamba pomwe, ndipo tizilombo tochepato ndi tatsopano, tangofika kumene. Ndinkafuna kunena kanthu, pakamwa panali patadzaza, koma nditaona nkhope ya alamu ndinameza. Kumeza kumeneko kunandipweteka pakhosi sabata yathunthu.

Achemwali tinawapeza akusita. Alamu anaika pepala la chithunzi patebulo, pamwamba pa malaya. Achemwali analiyang'ana, analisuntha kuti lisapse, n'kupitiriza kusita.

"Amayi, munayamba liti?" anafunsa alamu.

"Sabata yoyamba ya ukwati."

"Ya ukwati wathu uno?"

"Ndinakwatiwaponso kwina? Mumafuna ndikhale wamasiye chifukwa cha kapu?"

Anafotokoza zonse popanda manyazi, ngati akuphunzitsa mwana kuphika. Loweruka lililonse alamu akapita kukaonera mpira, kapu inkatsika pamsomali. Ankaikwecha mpaka kuwala mbee, kenako ankawiritsiramo masamba a tiyi ambirimbiri, n'kuiumitsa pamoto, kuwiritsanso, kuumitsanso, mpaka mdima ubwerere mwakale. Anati masamba amene anathera pa ntchito imeneyi akanatha kumwetsa asilikali a dziko lonse. Alamu anafunsa kuti nanga kukangana kwa m'mawa uliwonse kunali kwa chiyani. Achemwali anati akanasiya kukangana, ngakhale munthu wouma mutu ngati iwowo akanadabwa.

Mawa lake alamu sanasule kiyi ndi mmodzi yemwe. Anakhoma kabokosi kachitsulo, anaikapo loko amene anamupanga okha, wa mtundu woti ngakhale iwo eni amamuopa, ndipo kapu inalowa m'menemo. Kiyi anamumangirira m'khosi. Analengeza kuti kuyambira tsopano adziwa kukoma kwenikweni kumene anaberedwa moyo wawo wonse. Achemwali anati zikomo, manja apumeko.

Masiku oyamba ankamwa mokweza, akuliza milomo kuti anthu a tsidya lina la msewu amve. Koma kapu yonyowa, ya shuga ndi mkaka, yotsekeredwa m'bokosi lachitsulo, m'kanyumba ka malata, nyengo yotentha, sichedwa kupeza alendi. Mabanja awiri aja anaitana abale awo. Pasanathe mwezi, bokosi likatseguka wometa ankatseka windo. Mayi wa mafoni anati mafoni ake ayamba kuzima okha. Ine ndinaona ndi maso anga ntchentche ikubwera mothamanga, n'kuima m'malere, n'kubwerera cham'mbuyo. M'kati mwa kapu munayamba kuterera, ndipo supuni inkatuluka ikukoka ulusi.

Amene anasangalala ndi Kamatope yekha. Ananunkhiza, maso anawala, anapempha kachidutswa kena. Ulendo uno alamu anadula mosalira. Chithunzi chinabwera chachikasu ngati munda wa mpendadzuwa, chokhala ndi misewu, misika ndi malo a misonkhano, ndipo buluu anali atathawira m'makona. Mtsikanayo anati chimenechi ndicho ankafuna, anachipachika kuntchito kwake, koma anauza bambo ake mwaulemu kuti iye sangamwere m'menemo ngakhale atamulonjeza galimoto.

Alamu anamwerabe. Ankatseka maso, kumeza, n'kunena kuti lilime likuzolowera. Lilime mwina linkazolowera, koma mimba inakana. Munthu amene sanatsekepo kanyumba kake masana anayamba kupachika kachikwangwani koti abwera posachedwa, ndipo liwiro limene ankadutsa nalo kuseri kwa wometa anyamata a mpira akanalisirira. Anaonda mpaka jekete ya ukwati inayamba kuwakwana. Choipa kuposa zonse, ndipo ichi ndikunena mopanda nthabwala, tiyi anasiya kuwakomera. Munthu amene tsiku lake lonse linkazungulira kapu ankangoiyang'ana ngati mnzake amene wamuchitira chipongwe.

Anayesa kuitsuka okha mobisa, kumpopi wa kuseri kwa kanyumba, ndi sopo wosambira m'manja. Tiyi anamveka ngati mafuta odzola. Anayesa kumwera m'kapu ya dothi ya alendo, anati ikumveka kabati. Chimene lilime lawo linkafuna chinali chimodzi, kapu yokwechedwa ndi achemwali n'kudetsedwanso ndi achemwali, ndipo zimenezo sizigulitsidwa m'sitolo. Ndinawauza kuti angopempha. Anati munthu amene wanamizidwa kuyambira sabata yoyamba ya ukwati sapempha. Ndinapita kwa achemwali kuti angowachitira chifundo. Anati iwo sathyola maloko, mwini bokosi ali ndi pakamwa.

Zinakhala choncho mpaka tsiku lina masana nditapita kukawaona. Ndinapeza alamu atakhala pabalaza, bokosi lili patebulo, achemwali akusoka batani pakona. Alamu anatsokomola, anavula chingwe cha m'khosi, anaika kiyi pambali pa bokosi, n'kuimirira. Analankhula akuyang'ana kudenga.

"Ndikuwaperekeza alamuwa. Kiyi wa bokosi ndamuiwala patebulopa. Wina asamukhudze."

Ine ndinali ndisanakhale n'komwe pansi. Achemwali sanadzutse mutu.

"Kuperekezako mukafika nako kuti?"

"Patali."

"Patali poti chinthu n'kuwira kawiri n'kuuma?"

"Ngati katatu kangatheke, tikhoza kuzungulira cha kumsika."

"Masamba atha. Mubwere nawo, a paketi yaikulu. Ndipo mukabwera musandifunse kanthu."

"Ndifunsa chiyani? Ine ndangoiwala kiyi."

Tinatuluka. Kwathu ndi pafupi, munthu akhoza kuitana ali pakhomo pawo ine n'kuyankha ndili m'bafa, koma tsiku limenelo anandiperekeza mtunda woti nsapato zanga zinasanduka masilipasi. Titafika pakona anakumbukira kuti popanda masamba ntchito siyamba, ndiye tinagula paketi, tinabwerera, anaiika pawindo la kukhitchini osasuzumira, n'kuyambanso ulendo. Tinadutsa kumsika, tinaima pa okonza njinga kuonera tayala likupopedwa, tinawerenga zikwangwani zonse za m'misewu mpaka za anthu osowa agalu. Pakona iliyonse ankandifunsa ngati ndikuganiza kuti nthawi yakwana, ine n'kumati achemwali sachita zinthu mwachidule.

Dzuwa litapendeka tinabwerera. Bokosi linali pomwe analisiya, lotseka, kiyi ali pambali pake ngati sanasunthepo. M'nyumba monse munkanunkhira tiyi wowira kwambiri. Alamu anatsegula, anasuzumira. Munali bii, mouma bwino. Achemwali anabwera ndi ketulo n'kuthira. Alamu anamwa kamodzi, anamwanso, mapewa n'kutsika pang'onopang'ono. Atamaliza anatambasula dzanja kuti awonjezere, ndipo achemwali anawauza kuti aigwire mowongoka, chifukwa kapu ya mabala awiri siidzadzanso ngati kale.